Thalakitala yanu yoyamba ikhale yofala, ndipo mukailize isanatenthe

Musanayambe kufunsa mitengo, khalani pansi mulembe ntchito zimene thalakitalayo izikagwira: kugaula munda, kutchetcha udzu, kukoka ngolo, kusalaza msewu wolowera pamalo panu. Pa maekala ochepa, ya injini ya mphamvu ya mahosipawa 35 mpaka 50 imakwana bwino lomwe. Yoposa apo imangomwa dizilo, ndipo matayala ake ndi zida zake n'zodula.

Ndalama zonse zisathere pa thalakitala yokhayo. Yopanda pulawo kapena chotchetchera ili ngati ng'ombe yopanda goli, imangodya. Patulani zina za zida, zinanso za kukonza, poti m'chaka choyamba simudzalephera kusintha batire, mapaipi a oyilo kapena lamba wa fani.

Ine ndimakondera mitundu yofala. Massey Ferguson 135, imene inkapangidwa kuyambira 1964 mpaka 1975, ya injini ya Perkins ya masilinda atatu, ikugwirabe ntchito m'mayiko ambiri. Ford 3000 ndi 4000 nazonso n'chimodzimodzi. Mulibe kompyuta, makaniko wamba amazidziwa, ndipo masipeya ake akupangidwabe. Thalakitala yotchipa ya dzina losadziwika imatha kukhala miyezi pansi pa mtengo chifukwa cha kampope kamodzi kosowa.

Kumbuyo kwake muone zinthu ziwiri. Pakhale mikono itatu yonyamulira zida, ija anatulukira Harry Ferguson, ndipo mufunse saizi yake kuti pulawo yanu idzalowe. Pakhalenso PTO, shafiti imene imazunguliza chotchetchera maulendo 540 pa mphindi. Pa mathalakitala akale kwambiri ngati Ford 8N, shafitiyi imalumikizana ndi magiya, moti chotchetchera chikamazungulirabe chimatha kukankha thalakitala kutsogolo ngakhale mwaponda kilatchi. Pafupi ndi mpanda kapena dzenje, zimenezo si zosekera. Funani ya kilatchi yoponda kawiri, yoti muimitse matayala shafiti ikuzungulirabe.

Tsiku lokaiona muuziretu wogulitsa kuti asailize inu musanafike. Mukafika, gwirani injini ndi dzanja. Ikakhala yofunda, dziwani kuti mwina pali chimene akubisa, chifukwa injini yotopa imavuta kulira ikazizira koma ikatentha imadzionetsa yabwino. Solólani kandodo koyezera oyilo. Wakuda alibe vuto pa injini ya dizilo, koma akaoneka ngati mkaka ndiye kuti madzi akulowamo. Tsegulani radiyeta ili yozizira muone ngati mukuyandama mafuta.

Tsopano ailize, inu maso ali pa utsi. Kautsi ka poyambira sikadetsa nkhawa. Wabuluu wosatha ndi oyilo akupsa. Woyera umene sukuleka injini itatentha ungakhale madzi kapena dizilo wosapsa bwino. Wakuda nthawi zambiri ndi fyuluta ya mpweya yotsekeka kapena ma injekita, tizipangizo topopera dizilo mu injini, ndipo umenewo sindiuopa kwambiri. Kenako pezani kapaipi kopumira ka injini. Kakamatulutsa utsi mwamphamvu n'kumadontha oyilo, mapisitoni ndi malingi atha, ndipo kukonza kwake kungameze ndalama zonse munapatula zija.

Kilatchi muiyese chonchi: pamalo poyera, ikani giya yapamwamba, pondani mabuleki, muzisiya kilatchi pang'onopang'ono. Injini iyenera kuzima. Ikapitiriza kulira, kilatchi ikuterereka, ndipo kuti aisinthe amachita kugawa thalakitala pakati. Mangani pulawo kumbuyo, inyamuleni m'mwamba, muzimitse injini. Ikatsika mukuiona, hayidiroliki, imene imanyamula zida ndi mphamvu ya oyilo, yatopa. Yendetsani magiya onse, mumve ngati ina ikuthawa yokha, ndipo pondani buleki ya kumanzere ndi ya kumanja payokhapayokha.

Mita yowerengera maola musaikhulupirire kwenikweni. Imafa, ena amaisintha. Zopondera zosalala ngati zopukutidwa ndiponso chiwongolero cholobodoka zimanena zoona kuposa mitayo. Penti watsopano nayenso amandipatsa chikayiko, makamaka akapakidwa pamwamba pa girizi ndi ming'alu yowotcherera. Matayala akumbuyo muwayang'ane m'mbali, chifukwa ong'aluka awiri amatha kudya gawo lalikulu la mtengo wa thalakitala yakale. Pamenepo m'pamene mungatsitsire mtengo. Nambala yosindikizidwa pathupi pake ifanane ndi ya pamapepala.

Mathalakitala a zaka zimenezo ambiri alibe chitsulo chotchinga woyendetsa ikagubuduka, pomwe kugubuduka ndi kumene kumapha anthu ambiri pa ngozi za thalakitala. Mtengo wa chitsulocho, pamodzi ndi lamba wapampando, muuwerengere pamtengo wogulira. Chikhale chopangidwira mtundu wa thalakitalayo, osati mapaipi owotcherera panyumba. Ndipo pokoka chitsa kapena ngolo, tcheni muzimanga pa chitsulo chokokera chapansi. Mukamanga pamwamba pa ekiselo, thalakitala imadzuka kutsogolo n'kugwa chagada musanafikire n'komwe kilatchi.