Katsatidwe ka ntchito ya modelo pa zionetsero za zovala ndi m'makampeni otsatsa malonda

Pakati pa ife amene timasoka zovala kuno ku Chipata, ndi ochepa amene sanalandirepo kasitomala wobwera ndi chitenge m'manja ndi chithunzi m'foni, n'kunena kuti, "Amai, mundisokere ngati ichi." Kawirikawiri chithunzicho chimakhala cha pa chionetsero cha mafashoni cha ku Paris kapena ku Lagos, ndipo wovala chovalacho amakhala modelo amene kasitomalayo sadziwa ngakhale dzina lake. Inenso poyamba ndinkangoyang'ana msoko ndi kagwedwe ka nsalu basi, koma nkhope zina zitayamba kubwerabwera pa zithunzi zimene anthu ankandibweretsera, ndinafuna kudziwa kuti eni ake ndi ndani, anachokera kuti, ndiponso chifukwa chake ena amakhalitsa pamene ena amaoneka chaka chimodzi n'kuzimiririka. Njira imene ndikufotokoza pano ndi imene ndimatsatira ine, ndipo zofunika zake ndi foni, bandulo ya intaneti ndi kope lachikuto cholimba, la mtundu uja amalonda a pa msika wa Kapata amalembamo ngongole.

Yambani ndi munthu mmodzi, kapena awiri ngati nthawi muli nayo, chifukwa mukafuna kutsatira khumi mudzangokhala woonerera zithunzi. Lembani dzina lake ndendende monga mmene limalembedwera, pakuti chilembo chimodzi cholakwika chidzakufikitsani ku masamba abodza amene anthu amatsegula m'maina a anzawo otchuka. Kenako fufuzani ejensi yake, ndiye kuti kampani imene imamufunira ntchito, kumukambirira malipiro ndi kudulapo gawo lake. Modelo wogwira ntchito m'maiko ambiri sakhala ndi ejensi imodzi. Pamakhala imene inamupeza ndi kumulera, imene eni ntchitoyi amaitcha mother agency, ndipo imeneyi ndiyo imamupereka kwa maejensi ena a ku New York, London, Milan ndi Paris, mzinda uliwonse yakeyake. Maina ngati IMG, Elite, Next ndi Ford mudzakumana nawo kawirikawiri. Malo abwino oyambira ndi models.com, pamene mamodelo odziwika ali ndi masamba awo osonyeza maejensi awo ndi ntchito zimene agwira, zosanjidwa mwa mtundu ndi deti, pamodzi ndi maina a wojambula zithunzi ndi ena onse amene anathandizapo.

Mukatero, phunzirani kalendala, pakuti ntchito imeneyi ili ndi nyengo zake monga ulimi. Zionetsero zazikulu za zovala za akazi zimachitika kawiri pa chaka, ndipo zimayenda m'mizinda inayi motsatizana: New York, London, Milan, n'kutsirizira ku Paris. Ulendo woyamba umayamba mu Febuluwale n'kutha kumayambiriro kwa Malichi, ndipo wachiwiri umayamba mu Seputembala n'kutha m'masiku oyamba a Okutobala. Kwa ife a Kum'mawa n'kosavuta kukumbukira. Pamene Angoni akusonkhana ku Mtenguleni pa Nc'wala, Loweruka lomaliza la Febuluwale, mamodelo amakhala atapyola kale New York, kawirikawiri ndi London yomwe, ndipo tikabwerako ku Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti, New York imakhala ili pafupi kuyamba. Zovala za amuna zimaonetsedwa mu Januwale ndi mu Juni, makamaka ku Milan ndi ku Paris, pamene zovala zosokedwa pamanja za mtengo wapatali, zotchedwa haute couture, zili ndi sabata yake ku Paris mu Januwale ndiponso pakati pa chaka, kawirikawiri mu Julayi. Masiku enieni amasindikizidwa ndi mabungwe oyendetsa zionetserozi, omwe ndi CFDA ku New York, British Fashion Council ku London, Camera Nazionale della Moda Italiana ku Milan ndi Fédération de la Haute Couture et de la Mode ku Paris.

Pali msampha umodzi pa katchulidwe ka nyengozi umene umasokoneza aliyense woyamba kumene. Zovala zimaonetsedwa miyezi ingapo zisanalowe m'masitolo, choncho chionetsero cha mu Seputembala 2018 chimatchedwa Spring/Summer 2019, ndiye kuti zovala za nyengo yotentha ya kwawoko, pamene cha mu Febuluwale 2018 chimatchedwa Fall/Winter 2018, zovala za nyengo yozizira. Mukalemba m'kope dzina la nyengo lokha popanda mwezi umene chionetserocho chinachitika, pakapita zaka ziwiri mudzalephera kudziwa chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira. Lembani zonse ziwiri. Kumbukiraninso kusiyana kwa mawotchi: mu Febuluwale, Paris ndi Milan amatsalira nthawi yathu ndi ola limodzi, London ndi maola awiri, New York ndi maola 7, pamene mu Seputembala, Paris ndi Milan amafanana nafe, London imatsalira ndi ola limodzi, New York ndi maola 6. Chionetsero cha madzulo ku New York chimatipeza kuno tili m'tulo tofa nato.

Kuonera chionetsero pamene chikuchitika sindilimbikitsa, pokhapokha ngati muli pa Wi-Fi. Zionetsero zimenezi zimakonda kuchedwa kuyamba, ndipo mukhoza kumaliza bandulo yonse mukuyang'ana alendo akufuna pokhala, pamene kuyenda kwenikweni kwa mamodelo kumatha m'mphindi 10 kapena 15 zokha. Dikirani zithunzi. Pa Vogue Runway, tsamba la pa intaneti la magazini ya Vogue, zimaikidwa pakangopita maola ochepa, chovala chilichonse ndi nambala yake monga mmene chinatulukira, ndipo zithunzi sizidya bandulo ngati kanema. Kanemayo mudzamuonera pa YouTube tsiku lina, mukafuna kuona kayendedwe ka munthu wanuyo ndi mmene nsalu ikumugwera akamatembenuka.

Tsopano za kope lija. Gawani tsamba m'mizere isanu: deti, mzinda, dzina la nyumba ya mafashoni (kampani yopanga zovalazo), nambala ya chovala chimene anavala, ndi ndemanga. Mzere wa nambala ndi umene uli ndi nkhani. Modelo amene watuluka ndi chovala choyamba amati watsegula chionetsero, ndipo amene watuluka ndi chomaliza watseka. Malo awiri amenewa sapatsidwa mwamwayi, pakuti ndi nkhope zimene mwini zovala wafuna kuti anthu azikumbukire. Pali chinanso chotchedwa exclusive, pamene nyumba imodzi imagwirizana ndi modelo kuti asayendere ina iliyonse mumzindamo kapena m'nyengo yonseyo. Apa ndi pamene kuwerenga zionetsero mwachimbulimbuli kumanamiza: mtsikana amene wayenda chionetsero chimodzi chokha monga exclusive wa nyumba yaikulu angakhale kuti wayamba bwino kuposa mnzake amene wayenda zionetsero 15 za nyumba zing'onozing'ono.

Zitsanzo ziwiri za ana a ku Africa zikuonetsa bwino mmene mizere ya m'kope imasandukira mbiri. Anok Yai, wa makolo a ku South Sudan, anajambulidwa chithunzi pa mwambo wa pa Howard University ku Washington mu Okutobala 2017, chithunzicho chinafala pa Instagram, ndipo mu Febuluwale 2018 anatsegula chionetsero cha Prada ku Milan, chinthu chimene modelo wakhungu lakuda anali asanachitenso kuyambira pamene Naomi Campbell anatero mu 1997. Adut Akech, amene anakulira mu msasa wa anthu othawa nkhondo wa Kakuma ku Kenya banja lake lisanasamukire ku Adelaide ku Australia, anayamba kudziwika monga exclusive wa Saint Laurent ku Paris mu 2016, anatseka chionetsero cha haute couture cha Chanel atavala ngati mkwatibwi mu Julayi 2018, ndipo mu Disembala 2019 analandira mphoto ya modelo wa chaka pa Fashion Awards ku London. Munthu amene anali ndi kope kuyambira 2016 sakanadabwa ndi mphotoyo, chifukwa masitepe ake onse anali olembedwa kale.

Musakhulupirire maso anu okha pozindikira nkhope. Nyengo ina ndinalemba kuti modelo amene ndimatsatira anayenda chionetsero china ku Milan, ndinauzanso mwana wa mchemwali wanga amene amandithandiza pa makina, ndipo tinakondwera tonse. Patapita sabata ndinapeza kuti anali mtsikana wina wotalika mofanana, amene anamuveka wigi lalifupi ndi kumuyeretsa nsidze mpaka nkhope kusintha. Tsiku lomwelo wanga uja anali ataika zithunzi ali mumzinda wina. Kuyambira pamenepo sindilemba mzere ndi bolopeni mpaka nditaona dzina pamalo awiri: pa tsamba la ejensi kapena pa models.com, ndiponso pa chithunzi chimene nyumbayo kapena wosankha mamodelo waika ndi kumutchulapo. Wosankha mamodeloyu, amene amamutcha casting director, ndi woyenera kumutsatira pa Instagram, chifukwa munthu mmodzi amasankhira nyumba zingapo, ndipo modelo amene wamukopa mtima mudzamuona akubwerezedwa m'nyumba zonsezo.

Makampeni otsatsa malonda amafuna tsamba lawolawo, ndipo pano ndi pamene ambiri amasakaniza zinthu zosiyana. Si chithunzi chilichonse chokongola chimene chili kampeni. Zithunzi za m'kati mwa magazini monga Vogue kapena Elle, zimene akonzi a magaziniyo amakonza okha ndi zovala za nyumba zosiyanasiyana, zimatchedwa editorial, ndipo zimabweretsa ulemu wambiri koma ndalama zochepa. Lookbook ndi zithunzi zosavuta zoonetsa ogula ndi eni masitolo zovala zonse za nyengoyo. Kampeni yeniyeni ndi zithunzi kapena kanema amene kampani yalipirira kuti aziikidwa pa zikwangwani, m'magazini, m'masitolo ndi pa intaneti, ndipo mudzaizindikira ndi dzina la kampani imodzi lolembedwa poonekera. Ndalama za modelo zimachokera kwambiri kumeneku, chifukwa salipidwa tsiku lojambula lokha koma ngakhale chilolezo chogwiritsa ntchito nkhope yake, malinga ndi kutalika kwa nthawi ndi kuchuluka kwa maiko kumene idzaonekere. Pamwamba pa zonse pali mapangano a nthawi yaitali a zodzoladzola ndi mafuta onunkhira, monga amene Estée Lauder inapanga ndi Anok Yai mu 2018 ndi Adut Akech mu 2021. Pa kampeni iliyonse lembani dzina la kampani, nyengo, wojambula zithunzi, ndiponso ngati modeloyo ali yekha kapena ali m'gulu la asanu ndi mmodzi, pakuti kusiyana kwake n'kwakukulu.

Kwathu kuno ntchito yotsatira imalimba chifukwa zolembedwa n'zochepa. Lagos Fashion Week, imene Omoyemi Akerele anayambitsa mu 2011, South African Fashion Week ya ku Johannesburg, imene inayamba mu 1997, ndi Swahili Fashion Week ya ku Dar es Salaam zimaika zithunzi zambiri, koma nthawi zambiri dzina lotchulidwa ndi la wosoka, osati la wovala. N'chimodzimodzi ndi Zambia Fashion Week ku Lusaka, ndi zionetsero za m'mahotela kuno kwathu. Nkhope ya pa chikwangwani cha kampani ya mafoni kapena ya banki m'mbali mwa Great East Road nayonso ndi kampeni, ndipo iyenera kulowa m'kope, ngakhale kuti dzina la mwini wake mungalipeze pofunsa wojambula kapena poyang'ana amene atchulidwa pansi pa chithunzicho pa Facebook. Ngati mukutsatira mwana wa kwathu, sungani zithunzizo m'foni nthawi yomweyo ndi deti lake, chifukwa masamba a zionetsero zing'onozing'ono amatha kufufutika chaka chisanathe.

Chiwerengero cha anthu omutsatira pa Instagram musachiike m'kope, pakuti chimasonyeza kutchuka, osati kulembedwa ntchito. Musafulumirenso kunena kuti modelo watha chifukwa sanaoneke nyengo imodzi. Ena amadwala, ena amachedwa ndi viza, ena amasintha ejensi, ndipo amene afika pamwamba amachepetsa dala zionetsero n'kumasankha zitatu kapena zinayi. Tsatirani ntchito yake yokha, za kunyumba kwake muzisiye. Ndipo ngati kutsatira kwanu kwafika poti wina akulemberani uthenga kuti ndi ejenti wa kunja, ndipo akufuna ndalama pa foni kuti alembetse mwana wanu, musatumize. Ejensi yoona imapeza gawo lake pa ntchito imene modelo wagwira, ndipo ili ndi tsamba ndi nambala zake zimene mungatsimikizirepo.

Kawiri pa chaka ndimatsegula masamba awiri aja pamodzi, la zionetsero kumanzere ndi la makampeni kumanja. Makampeni a Spring/Summer amayamba kutuluka cha mu Januwale ndi Febuluwale, ndipo a Fall/Winter cha mu Julayi ndi Ogasiti, choncho nyumba imene inamuyendetsa mu Seputembala ndimaiyang'anira mu Januwale, ndipo ya mu Febuluwale ndimaiyang'anira mu Julayi. Dzina la nyumba likapezeka mbali zonse ziwiri ndimalizunguliza ndi bolopeni yofiira, ndipo likabweranso nyengo yotsatira ndimaikapo mzere wachiwiri pansi pake. Kumapeto kwa tsamba ndimasiya mizere isanu yopanda kanthu, chifukwa zithunzi zina za kampeni zimatuluka mochedwa, nthawi zina tili kale m'kati mosoka mayunifomu a temu yatsopano.