Mukapita kukaona ana ku UK, kwerani boti la mungalande: nazi zoyenera kudziwa

Anzanga a kuno ku Harare, makamaka inu a ku Mbare, Highfield ndi Mufakose amene ana anu ali ku UK, viza ikatuluka musakangokhala m'nyumba mwezi wonse ayi. Ine mwana wanga wamkazi ananditengera pa boti la mungalande masiku anayi ndipo mpaka lero ndikamafotokoza kutchalitchi anthu amaganiza kuti ndi ngati maboti ogonamo a ku Kariba aja. Sizofanana olo pang'ono. Ku Kariba pamakhala kaputeni ndi wophika, inu kwanu nkuwedza basi, pomwe ku UK woyendetsa ndinu nomwe, wophikanso ndinu nomwe.

Botilo amati narrowboat, ndi lalitali koma lopapatiza, mulifupi mamita awiri ndi pang'ono chabe, mkati muli mabedi, kitchini, shawa ndi toileti. Mukabwereka ku kampani safuna laisensi yoyendetsera, amakuphunzitsani tsiku lomwelo musananyamuke, ndiye pamenepo mvetserani ndipo funsani zonse osachita manyazi. Pitani pakati pa May ndi September, kuno kukamazizira uko dzuwa limalowa mochedwa kwambiri, komanso m'miyezi yachisanu ya uko maloko ena (mageti okwezera ndi kutsitsira boti) amatsekedwa kuti akonzedwe.

Choyamba kuzolowera ndi chiwongolero. Ndi chitsulo chachitali kumbuyo kwa boti, mukachikankhira kumanzere boti limapita kumanja, mukachikankhira kumanja limapita kumanzere. Mabuleki palibe, kuimitsa nkuika giya ya rivesi, ndipo boti ndi lolemera siliima pomwepo, yambani msanga. Mukakumana ndi lina khalani kumanja, osati kumanzere ngati pamsewu wathu. Liwiro lisapitirire mamailosi 4 pa ola, kuyenda kwa munthu wandawala, ndipo podutsa maboti omangidwa m'mbali chepetsaninso chifukwa muli anthu amene mmenemo ndi kwawo kwenikweni, mafunde anu amawagwedezera mapoto.

Tsopano maloko, apa ndiye pagona nkhani. Loko ndi kachipinda ka madzi kokhala ndi mageti mbali zonse ziwiri, ntchito yake nkukweza kapena kutsitsa boti pamalo okwera. Mmodzi amatsala pa chiwongolero, ena amatsika ndi chitsulo chopukusira chija amati windlass. Pokwera, mumalowetsa boti, nkutseka mageti akumbuyo, kenako nkupukusa pang'onopang'ono kutsegula timakomo ta madzi takutsogolo kuti chipindacho chidzaze, mukatsegula mwaphuma madzi amalowa mwaukali nkumenyetsa boti kugeti. Geti musalimbane nalo, madzi akafanana mbali zonse limatseguka mongolitsamira ndi msana. Potsika ndiye chenjerani kwambiri, pansi pa geti lakumbuyo pali chiguwa chamwala chobisika m'madzi chomwe amati cill, malire ake amawalemba ndi penti yoyera pakhoma, boti likhale kutsogolo kwa mzere umenewo apo ayi lakumbuyo limakakamira pamwalapo madzi akamatsika ndipo boti limatha kumira. Chopukusiracho musachisiye chili chokoleka, chikapulumuka chimazungulira mwamphamvu nkuvulaza munthu. Mukatuluka tsekani zonse mmene munazipezera. Ana avale majekete oyandamitsa ndipo pa loko asamathamange, ichi ine sindinyengerera.

Loko imodzi imadya mphindi ngati 15, ndiye musapange pulani ya mtunda wautali. Kwa oyamba kumene musayambe ndi Caen Hill ku Devizes komwe kuli maloko 29, kapena Tardebigge kufupi ndi Birmingham komwe alipo 30, mudzangotopa. Ife tinasankha ngalande ya Llangollen kumalire a England ndi Wales, chigawo cha ku Trevor ndi Chirk maloko ndi ochepa. Kumeneko kuli mlatho wa madzi wa Pontcysyllte umene mainjiniya Thomas Telford ndi William Jessop anaumaliza mu 1805, wotalika mamita 307, m'mwamba mamita 38 pamwamba pa mtsinje wa Dee. Boti limayenda mumlengalenga abale, mbali imodzi kulibe chotchingira, mukasuzumira mumangoona mitengo pansi. Mkamwini wanga ndiye ankayendetsa, ine ndinangokhala chete kuimba kanyimbo chamumtima mpaka titaoloka.

Tengani nsapato zosaterera, jekete la mvula ndi zikwama zofewa, masutikesi akuluakulu alibe powaika. Ufa wa nsima gulirani mtauni musanakwere chifukwa timashopu ta m'midzi simudzaupeza. Madzi mumathira mu thanki pa mipope ya m'mbali mwa ngalande, chitani tsiku lililonse. Maboti obwereka saloledwa kuyenda usiku, ndiye kusanade pezani malo kumbali ya kanjira ka oyenda pansi, patali ndi loko ndi mlatho, khomani zikhomo ziwiri ndi hamala, mangani kutsogolo ndi kumbuyo, koma chingwe chisadutse pakanjirako chifukwa m'mawa kumadutsa anjinga.