Musazule tsabola wanu: momwe mungamulimire ndi kumudutsitsa nyengo yozizira

Anthu ambiri akathyola tsabola womaliza amazula mtengo wake n'kuutaya. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa tsabola si mbewu ya chaka chimodzi. Kumene anachokera, ku Mexico ndi m'madera ena otentha a ku America, amakhala zaka zingapo akubereka, tsinde lake n'kukhwima ngati kamtengo. Chimene chimamupha ndi chisanu. Mukamuteteza, chaka chachiwiri amabereka msanga kuposa mbande zatsopano, popeza mizu ndi tsinde zilipo kale.

Tiyambire pa kufesa. Njere za tsabola zimafuna kutentha, pakati pa madigiri 25 ndi 30 a Celsius. Fesani m'kachitini kapena m'thireyi yoboola pansi, m'dothi lofewa losasunga madzi, ndipo musazikwirire kwambiri: theka la sentimita ndi lokwanira. Dothi likhale lachinyezi, osati lonyowa chonchi ngati matope. Mitundu ngati cayenne ndi jalapeño imamera pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, koma habanero amachedwa, mwina kufika mwezi wathunthu. Musafulumire kutaya dothilo poganiza kuti njere zawola.

Mbande zikamera, ziikeni pamene pali kuwala kokwanira, apo ayi zimatalika n'kuwonda. Zikakhala ndi masamba enieni anayi kapena asanu ndi limodzi, osawerengera timasamba tiwiri toyamba kumera, zawokereni. Ngati munafesera m'nyumba, zizoloweretseni kunja pang'onopang'ono kwa sabata imodzi, maola ochepa patsiku, kuti dzuwa lisaziwaule. M'munda siyani masentimita 45 mpaka 60 pakati pa mitengo. Koma ngati mukufuna kudzamusunga nyengo yozizira, ine ndimalangiza kudzala m'chidebe cha malita 10 kapena kuposerapo, chifukwa chidebe mumangonyamula, mizu osaisokoneza.

Tsabola amafuna dzuwa la maola asanu ndi limodzi kapena kuposa patsiku. Thirirani dothi la pamwamba likauma. Pa zakudya zake samalani: manyowa kapena feteleza wa nayitirojeni akachuluka, mtengo umangobiriwira masamba koma osabereka. Maluwa akayamba, amafuna potaziyamu. Maluwawo akamayoyoka musadandaule msanga. Nthawi zambiri ndi kutentha kopitirira madigiri 32, usiku wozizira kwambiri, kapena kuthirira kodumphadumpha. Nyengo ikakhazikika amagwiranso.

Tsopano pa nkhani yeniyeni. Musadikire chisanu choyamba, chifukwa usiku umodzi wokha ndi wokwanira kupsereza mtengo wonse. Usiku ukayamba kutsika kufika madigiri 10, nthawi yolowetsa mitengo m'nyumba yakwana. Sankhani mitengo yamphamvu yokha, imene inabereka bwino ndipo ilibe matenda. Ya masamba opiringizika kapena amawangamawanga itayeni, mwina ili ndi matenda amene angafalikire kwa inzake. Habanero ndi rocoto amapirira bwino kusungidwa. Jalapeño ndi anzake amavuta pang'ono, choncho sungani iwiri kapena itatu m'malo mwa umodzi.

Thyolani tsabola yense, ngakhale wosapsa. Kenako dulirani. Apa ndi pamene dzanja limanjenjemera, chifukwa mtengo umene mwausamalira miyezi yambiri mukuusiya uli chitsa. Yang'anani pamene tsinde lagawikana mphanda, n'kudula nthambi iliyonse pamwamba pake pang'ono, mutasiya mfundo ziwiri kapena zitatu. M'mfundomo ndi momwe mudzatuluke mphukira. Gwiritsani ntchito mpeni kapena lumo lakuthwa komanso loyera, ndipo mukamaliza sambani m'manja musanagwire m'maso. Masamba otsala yoyolani, chifukwa kunsi kwake ndi kumene nsabwe za m'masamba, ntchentche zoyera ndi akangaude ofiira amabisala. Mukalowa nazo m'nyumba, momwe muli mofunda ndipo mulibe adani awo, zimaswana msanga. Tsukani tsinde ndi madzi a sopo wochepa.

Ngati mtengo unali m'munda, ukumbeni ndi dothi lake, dulani mizu yotalika kwambiri, muuike m'chidebe cha dothi latsopano n'kuthirira kamodzi.

Malo abwino ndi ozizirira koma osafika chisanu, a madigiri 10 mpaka 15, pafupi ndi zenera. Pamenepo mtengo umagona, sukula komanso sufa. Mukauika pafupi ndi moto kapena chotenthetsera m'nyumba, umadzuka nthawi isanakwane n'kutulutsa mphukira zoyezuka, zofooka.

Madzi ndiwo amapha mitengo yambiri imene yalowa m'nyumba. Mtengo wopanda masamba sumwa kwenikweni, ndiye madzi amangokhala m'dothi lozizira mpaka mizu kuwola. Chifundo chothirira tsiku lililonse n'chimene chimauwononga. Pisani chala m'dothi. Ngati mukumva chinyezi, lekani. Kawirikawiri kuthirira pang'ono pakatha masabata awiri kapena atatu kumakwanira, ndipo madzi otsikira m'mbale ya pansi tayani. Feteleza ayi, mpaka kunja kutafunda.

Nsonga za nthambi zikamauma n'kusanduka zofiirira, dulani mbali yakufayo kufika pobiriwira. Mukakayika ngati mtengo ukadali moyo, kandani khungwa pang'ono ndi chikhadabo: m'kati mukakhala mobiriwira, ulipo.

Masiku akayamba kufunda, mudzaona timphukira tating'ono m'mfundo zija. Sunthirani chidebe pamene pali kuwala kwambiri, onjezerani madzi pang'onopang'ono, chotsani dothi la pamwamba n'kuikapo manyowa owolerana bwino. Kunja mutulutse pokhapokha usiku utasiya kutsika pansi pa madigiri 10, ndipo muuzoloweretse dzuwa monga munachitira ndi mbande, chifukwa masamba omerera m'nyumba amapsa msanga.