Momwe mungakongoletsere nyumba mwa sitayilo ya boho osaisandutsa mosungira katundu

Pali nyumba zina ukangolowa umadziwiratu kuti katundu yense anabwera tsiku limodzi pa galimoto imodzi: sofa, tebulo ndi makatani zonse zofanana ngati yunifomu ya sukulu. Koma pali zina ukakhala pansi maso amayamba okha kuyendayenda. Apa kapeti yamizeremizere, apo dengu lili pakhoma, pakona chomera chayanga mpaka pa shelefu ya mabuku, mpando uliwonse ndi nkhope yakeyake. Kakongoletsedwe kameneka ndi komwe amati bohemian, kapena mwachidule boho.

Dzinali lili ndi mbiri yake. Anthu a ku France ankatcha Aromani, mtundu wa anthu oyendayenda, kuti bohémiens poganiza kuti kwawo ndi ku Bohemia, dera lomwe lero lili m'dziko la Czech Republic. Anaphonya, chifukwa makolo a Aromani anachokera kumpoto kwa India. M'zaka za m'ma 1800 dzinalo linagwera ojambula, olemba ndi oimba a ku Paris omwe ankakhala m'tizipinda ta lendi totchipa, n'kumayala chilichonse chomwe atola. Ku England, ojambula zithunzi Vanessa Bell ndi Duncan Grant atasamukira m'nyumba yotchedwa Charleston m'dera la Sussex mu 1916, anajambula pazitseko, pamakoma ngakhale pamatebulo, ndipo nyumbayo anthu amakaionabe mpaka lero. M'ma 1960 ndi 1970 achinyamata otchedwa mahipi anabwera ndi nsalu za ku India, makapeti a ku Morocco ndi zingwe zolukaluka.

Mbiriyi ikutiuza chinthu chimodzi chomwe chitsogolere ntchito yonse: boho inabadwa m'kutolatola. Chipinda chake chimaoneka kuti chinasonkhana pang'onopang'ono. Mukachigula chonse Loweruka limodzi, mlendo amazindikira.

Yambani ndi kutulutsa

Sankhani chipinda chimodzi, makamaka pabalaza, nyumba yonse idzatsatira. Tulutsani tonse ting'onoting'ono, mutsale ndi mipando ikuluikulu yokha. Zomwe mwatulutsazo zigaweni patatu: zomwe mumazikonda ndipo mutha kufotokoza komwe zinachokera, zomwe n'zofunika basi, ndi zomwe mumangosunga poopa kuti amene anakupatsani adzafunsa. Mulu wachitatuwo usabwererenso m'chipindacho.

Pa mulu woyamba pezanipo chinthu chimodzi chomwe chikhale nsanamira ya chipinda chonse. Chitha kukhala kapeti, nsalu yokongola, chithunzi chachikulu kapena bokosi lamatabwa lomwe munasiyiridwa. Mitundu yonse mudzaitenga pa chimenechi.

Makoma ndi mitundu

Makoma akhale odekha kuti zina zonse zilankhule. Penti ya kirimu kapena yoyera mopita ku chikasu imagwirizana ndi chilichonse. Amene ali ndi mtima wolimba atha kupaka khoma limodzi lokha mtundu wa katondo kapena wobiriwira modera. Ngati nyumbayo ndi ya lendi, yambani mwafunsa eni ake.

Okongoletsa nyumba ali ndi kalamulo komwe amati 60-30-10: magawo 60 pa 100 a chipinda akhale mtundu waukulu wodekha, 30 mtundu wachiwiri, 10 mtundu wowala woti uzikoka maso. Boho imaswa malamulo ambiri, koma ili ndi bwino kulisunga poyamba. Chinsinsi china n'choti mtundu uliwonse wowala uoneke malo atatu. Ngati pakapeti pali chikasu, chionekenso pa kushoni imodzi ndi pa mphika wa maluwa. Diso likaona mtunduwo ukubwerezedwa limakhulupirira kuti munachita dala, pomwe ukakhala pamalo amodzi umaoneka ngati wasochera.

Pansi

Boho imakonda kusanjika. Yalani choyalira chachikulu chopanda maluwa, cha khonje, mlaza kapena juti, ndipo pamwamba pake ikani kapeti yaing'ono yamitundu, mopingasa pang'ono ngati mukufuna. Chapansicho chikule ndithu, miyendo yakutsogolo ya sofa ndi ya mipando ipondepo. Kakapeti kakang'ono kali kokhakokha pakati pa chipinda kamachititsa kuti chipindacho chioneke chopanikizika.

Mayina awiri mudzakumana nawo kawirikawiri. Kilim ndi kapeti yopyapyala yolukidwa mosalala, yotchuka ku Turkey ndi Iran, yodzaza ndi timakona tamitundumitundu. Beni Ourain ndi yochindikala, yaubweya wa nkhosa, yoyera yokhala ndi mizere yakuda, yolukidwa ndi anthu a mtundu wa Amazigh a kumapiri a Atlas ku Morocco. Simukukakamizidwa kupeza zenizenizo. Chofunika ndi kusiyana kwa khungu la zoyalazo, china chokhakhala, china chofewa. Ngati pansi ndi pa matailosi, ikani kalabala kunsi kwa kapeti kuti munthu asaterereke nayo.

Mipando

Ikhale yotsika, yamatabwa, nsungwi kapena yoluka, ndipo isafanane. Sofa imodzi, mpando woluka umodzi, kampando kopanda chotsamira, ndi makushoni awiri akuluakulu okhalira pansi, basi chipinda chakwana. Bokosi lakale limagwira bwino ntchito ya tebulo lapakati, n'kumasungiranso mabulangete.

Katundu wogwiritsidwapo kale ntchito ndiye mtima wa sitayiloyi, koma apa m'pofunika maso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musanalipire sofa yakale, tsegulani m'misoko ndi pansi pa makushoni. Timadontho takuda ndi timakoko touma ndi chizindikiro cha nsikidzi, ndipo zikalowa m'nyumba kuzitulutsa ndi nkhondo. Thabwa likakhala ndi timabowo ting'onoting'ono totulutsa fumbi ngati ufa, ndiye kuti tizilombo tikulidya m'kati. Khalanipo pampandopo, ugwedezeni, mumve ngati ukulira. Penti yakale kwambiri imatha kukhala ndi mtovu, womwe ndi poizoni, choncho poipala chitirani panja, nyowetsani sandipepa kuti fumbi lisauluke, mutseke mphuno ndi pakamwa, ana akhale kutali. Mukamaliza pakani mafuta a matabwa m'malo mwa vanishi yonyezimira, kuti mizere ya thabwalo izioneka. Tizipsera tina tisiyeni, ndi tomwe tikupatsa mpandowo ulemu.

Nsalu, pomwe ambiri amagwera

Apa ndi pomwe pamakoma, ndipo ndi pomwe pamaonongekera zinthu. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Munthu amagula makushoni khumi onse amaluwa akuluakulu, n'kudabwa kuti sofa ikupweteka maso.

Kusakaniza nsalu kuli ndi njira yake, ndipo njirayo ndi kukula kwa maluwa ake. Tengani nsalu imodzi yamaluwa akuluakulu, ina yamizere kapena timakona tapakatikati, ina yatimadontho ting'onoting'ono, kenako ziwiri zopanda chojambula chilichonse zoti diso lizipumirapo. Zonsezo zigawane mtundu umodzi, ngakhale pang'ono chabe. Musanasoke, ziyaleni pasofa masana, mubwerere m'mbuyo mpaka pakhomo. Yomwe ikukuwa kuposa zinzake ichotseni, kapena ichepetseni ikhale kakushoni kamodzi.

Sakanizaninso kakhudzidwe: thonje, ubweya, chikopa, veleveti, choluka ndi manja chokhala ndi mphonje. Chofunda chopepuka chiponyeni pa dzanja la sofa mosasamala kwenikweni. Mukachipinda ngati cha kuhotela, mwapha sitayilo.

Amene ali ndi singano atengere nzeru kwa amayi a ku Bengal, dera la ku India ndi Bangladesh, omwe amasanjika nsalu zawo zakale zovala zotchedwa sari n'kuzisoka ndi ulusi woyenda mizeremizere mpaka kutuluka chofunda chotchedwa kantha. Nsalu zitatu zakutha zomwe munati mutaye zitha kukhala chinthu chokongola kuposa zonse m'chipindamo. Nsalu zonyikidwa mu utoto zichapeni pazokha koyamba chifukwa zimasuluka, ndipo musaziike pomwe dzuwa limaomba tsiku lonse. Makatani akhale opepuka olowetsa kuwala, opachikidwa chakumtunda pafupi ndi siling'i, otsika mpaka pansi. Chipinda chimaoneka chachitali.

Pakhoma

Musakhome msomali musanayese. Yalani pansi zonse zomwe mukufuna kupachika, madengu osaya, galasi, zithunzi, chipewa choluka, n'kumazisuntha mpaka zitagwirizana. Kenako dulani mapepala ofanana nazo kukula, muwamate pakhoma ndi tepi, muone. Pakati pa gulu lonselo pakhale masentimita 145 mpaka 150 kuchokera pansi, pomwe maso a munthu woimirira amafika. Zinthu zitatu kapena zisanu zimakhala bwino kuposa ziwiri kapena zinayi.

Zingwe zolukaluka zija, zomwe amati makrame, mutha kupanga nokha. Pamafunika kamtengo kosalala ndi chingwe chathonje chochindikala mamilimita 4 kapena 5, ndipo mitundu iwiri yokha ya mfundo zomanga pachingwe ndi yokwana kuyambira. Mfundo zimadya chingwe, ndiye chilichonse chitalike kanayi kuposa chomwe mukufuna kutulutsa, ndipo ngati muchipinda pakati pochikoleka kumtengo, chitalike kasanu n'katatu. Chotsala mudzadula, koma chikaperewera mulibe pogwira.

Khoma limodzi lisiyeni lopanda kanthu.

Zomera

Chipinda cha boho chopanda masamba chimaoneka chouma. Zosavuta kusamala ndi pothos yomwe imayanga, sansevieria wamasamba oima ngati malupanga, spider plant wamasamba aatali oonda ndi monstera wamasamba ong'ambikang'ambika. Zisiyane msinkhu: china pansi mumphika wadothi, china pashelefu, china cholendewera. Mphika uliwonse ukhale ndi bowo kunsi, ndipo thirirani pokhapokha mukapisa chala masentimita awiri kapena atatu n'kupeza dothi louma. Zomera zam'nyumba zambiri zimafa ndi madzi ochuluka, osati ludzu. Mukaika mphika m'dengu, ikani kambale pansi kuti dengulo lisaole. Pothos ndi monstera zimawotcha m'kamwa zikatafunidwa, choncho zikhale pomwe mwana wokwawa, mphaka kapena galu sangafike.

Kuwala

Babu limodzi loyera mbee lapakati pa siling'i limafafaniza ntchito yonse mwagwirayi. Gulani mababu olembedwa 2700K, omwe amawala mofiirira ngati dzuwa likamalowa. Olembedwa 6500K ndi a kuofesi. Ikani nyale ziwiri kapena zitatu zotsika m'makona osiyana, ina patebulo, ina yoima pansi. Dengu loboola limasanduka chivindikiro chabwino cha nyale, limaponya timithunzi pakhoma, koma muikemo babu la LED lokha poti silitentha kwambiri. Makandulo akhale m'galasi, kutali ndi makatani ndi mphonje, chifukwa chipinda chodzaza nsalu ndi zouma sichichedwa kuyaka.

Kuchotsa

Mukaona ngati mwamaliza, imani pakhomo mujambule chipindacho ndi foni. Chithunzi chimaulula zomwe maso azolowera: tebulo lopanda poika kapu, shelefu yothinana, njira yomwe munthu sangadutse osagunda mphika. Chotsani zinthu zitatu, mujambulenso. Tinthu ting'onoting'ono tomwazika tisonkhanitseni pathireyi imodzi, zingwe zamagetsi ndi marimoti zilowe m'dengu lovindikira.

Dziwaninso kuti sitayiloyi ndi bwenzi la fumbi. Makapeti amafuna kukung'unthira panja, madengu apakhoma amafuna burashi yofewa chifukwa akangaude amawakonda, masamba a zomera amafuna kansalu konyowa, ndipo zovala za makushoni zisokedwe ndi zipi kuti muzizivula pochapa. Ngati m'nyumbamo muli wodwala mphumu, chepetsani zaubweya ndi makapeti ochindikala, mutsamire pa thonje lochapika, matabwa ndi miphika yadothi.