Mmene mungazolowerere kuthokoza ndi kupemphera mkati mwa sabata

Ambirife tsiku la tchalitchi timakhala bwinobwino, kuimba timaimba, amen timayankha mokweza, koma pofika Lachitatu ukadzifunsa kuti kodi Mulungu ndinalankhula naye liti komaliza, upeza kuti ndi ku tchalitchi komwe kuja. Ine ndakhalapo choncho kwa zaka ndithu, osati chifukwa sindimamukonda ayi, koma ndimadikira nthawi yabwino yopanda phokoso mtima uli m'malo, nde nthawi yoteroyo siimabwera. Chomwe chinandithandiza ndi kuyamba ndi zochepa komanso kuzimangirira pa zinthu zomwe ndimapanga kale tsiku lililonse.

Yambani ndi kuthokoza, chifukwa nkosavuta kuposa zonse koma ndi komwe timaiwala kwambiri. Pa Luka 17 pali nkhani ya akhate khumi omwe Yesu anakumana nawo m'malire a Samariya ndi Galileya, onse anachira ali panjira yopita kwa ansembe, koma anabwerera ndi mmodzi yekha, Msamariya. Ine sindikukhulupirira kuti asanu ndi anayi ajawo sanasangalale, munthu khate lakuchoka ungapande kusangalala? Anasangalala ndithu, kungoti sanatembenuke kukanena. Nde ntchito yathu ndi yomweyo, kubwerera nkukanena ndi pakamwa.

Kapangidwe kake nkotere. Usiku musanagone tchulani zinthu zitatu za tsiku limenelo, ndipo muzitchule ndi dzina lake. Zoti "zikomo Ambuye chifukwa cha zonse" sizolakwika, koma mawu amenewa munthu umatha kuwanena maganizo ali kwina. Nenani kuti zikomo mwana wagona thupi litasiya kutentha, zikomo mnzanga uja wandiimbira foni pomwe ndimaona ngati anandiiwala, zikomo mwandigwira pakamwa pamene amandiyankhula zachipongwe ku ntchito. Lembani mu kope kaya mu foni, ndipo dziikireni lamulo loti zadzulo osabwereza. Sabata yoyamba muziona ngati nzophweka, yachiwiri ndi pomwe mutu umaima, moyo mwatchula kale, banja mwatchula kale, nanga lero nditchula chani? Musasiye pamenepo chonde, chifukwa ndi pomwe maso amayamba kutseguka, mumayamba kusakasaka masana zoti mukanene usiku, nde mumaona tinthu tomwe kale timangokudutsani. Akhristu akale ankapanga zofanana ndi zimenezi, Ignatius wa ku Loyola yemwe anakhalako m'zaka za m'ma 1500 ankaphunzitsa anthu kuunika tsiku lawo pamaso pa Mulungu, ndipo choyamba pa kuunikako chinali kuthokoza, za machimo zimabwera pambuyo.

Nanga tsiku loipa? Limabwera, ndipo sindikufuna wina azinamizira kumwetulira pamaso pa Mulungu mtima ukuwawa. Pa 1 Atesalonika 5:18 Paulo akuti tiziyamika m'zonse, mmene ndimamvera ine sakutiuza kuti tiombe m'manja chifukwa choti m'bale wathu wamwalira kapena ntchito yatha, koma kuti tili mkati mwa zowawazo tisasiye kuyang'ana dzanja lake. Salimo 13 limafunsa kanayi konse kuti mpaka liti, ndipo Salimo 88 limatha osafika nkomwe pa chimwemwe, limathera mu mdima, koma onsewa ali m'Baibulo. Tsiku loterolo dandaulani kaye, lirani ngati misozi ikubwera, kenako pezani chimodzi chokha, olo chikhale choti wina anakhala nanu pafupi osanena kanthu.

Tsopano pemphero. Apa chinsinsi ndi kulipatsa malo ake. Danieli ankagwada katatu pa tsiku mazenera atatsegula kuyang'ana ku Yerusalemu, ndipo pamene mfumu Dariyo inasaina lamulo loletsa kupemphera kwa wina aliyense kupatula kwa mfumuyo kwa masiku 30, Danieli 6:10 ikuti iye anangopitiriza monga ankachitira kale. Mawu oti kale amenewo ndi omwe amandigwira mtima, sanayambe kupemphera chifukwa mavuto abwera, mavutowo anamupeza ali pa chizolowezi chake. Inuyo simukuyenera kuyamba ndi katatu. Sankhani nthawi imodzi yomwe ili pafupi ndi chinthu chomwe simuiwala, monga kudzuka kapena kutsuka mkamwa, nkunena kuti ndikangomaliza chakutichi ndipemphera mphindi zisanu. Kwa ine mdani wamkulu anali foni, alamu ikalira dzanja lili kale pa WhatsApp, mameseji, kenako Facebook, pozindikira nthawi yatha mtima wadzadza kale ndi za anthu ena. Ndinayamba kuika Baibulo pamwamba pa foni pogona kuti mmawa ndiyambe kugwira Baibulolo, kanthu kakang'ono koma kanasintha zambiri. Ngati mmawa kwanu nkosatheka chifukwa cha ana kapena shifiti ya usiku, sankhani nthawi ina, osadziimba mlandu.

Ena amati ndikagwada mawu amandithera. Tengani Pemphero la Ambuye pa Mateyu 6:9-13 koma osalithamangitsa, nenani mzere umodzi nkuima. Mukafika pa chakudya chalero tchulani zomwe mukusowadi lero, lendi, mankhwala, nzeru pa mayeso. Mukafika pa kukhululuka tchulani dzina la munthu yemwe anakulakwiraniyo, apa pamavuta zedi, pena pakamwa pamakana, muuzeni Mulungu kuti pakukana ndipo akuthandizeni. Maganizo akathawa nkupita ku ngongole kapena ku mkangano wa dzulo musalimbane nawo, mwina ndi chomwecho chomwe chikufunika pemphero, chitengeni nkuchipereka basi nkubwerera pomwe munali.

Palinso timapemphero ta sekondi imodzi. Nehemiya anali woperekera chikho kwa mfumu ya ku Perisiya, mfumu itamufunsa kuti ukufuna chani, Nehemiya 2:4 ikuti anapemphera kwa Mulungu wa kumwamba kenako nkuyankha, pompo ali chiimire, sanapite kukagwada kwina. Musanalowe mu ofesi ya abwana, musanayankhe meseji yomwe yakupsetsani mtima, "Ambuye ndithandizeni" ndi pemphero lokwanira. Ndipo munthu akakuuzani kuti mundipempherere, pempherani nthawi yomweyo olo chamumtima, chifukwa tikati tidzapemphera kunyumba nthawi zambiri timaiwala, nde timakhala tamulonjeza m'bale wathu zomwe sitinachite.

Za kupembedza ambiri timaganiza kuti ndi nyimbo zokha. Kuimba nkofunika ndithu ndipo imbani, mukuchapa, mukuyenda, mawu akhale abwino kaya ayi, Paulo ndi Sila anaimba pakati pa usiku m'ndende ya ku Filipi misana ili ndi mabala mapazi ali m'matangadza. Ngati nyimbo sizikubwera werengani Salimo mokweza, alipo 150, limodzi pa tsiku mumaliza pa miyezi isanu, ndipo tsiku lotanganidwa pali Salimo 117 la mavesi awiri okha. Koma Aroma 12:1 ikukamba zopereka matupi athu ngati nsembe yamoyo, ndiye kuti manja omwe mumakweza ku tchalitchi ndi omwewo mumagwirira ntchito Lolemba. Kunali m'bale wina wotchedwa Lawrence ku nyumba ya amonke ku Paris m'zaka za m'ma 1600, ntchito yake kwa zaka zambiri inali ya kukhitchini, ndipo amakumbukiridwa mpaka lero chifukwa ankalankhula ndi Mulungu ali pakati pa mapoto. Musanayambe ntchito nenani kuti iyi ndikugwirira Inu, mukatero kumakhala kovuta kunamiza kasitomala kapena kugwira mwachinyengo poti bwana sakuona.

Izi sizikulowa m'malo mwa kusonkhana ndi anzanu ayi, ku tchalitchi muzipitabe. Ngati muli ndi ana, pa nthawi ya chakudya aliyense atchule chimodzi chomwe akuthokoza, wamng'ono akanena za chidole chake mulekeni anene, akuphunzira. Ngati mumakhala nokha pezani mnzanu mmodzi woti muzitumizirana meseji madzulo.

Mudzaphonya masiku ena, zimenezo nzosakayikitsa, pena sabata yathunthu kope osaligwira. Musadikire Lolemba kapena mwezi watsopano kuti muyambirenso, ndipo musayese kulipira masiku omwe anadutsawo ndi pemphero la maola awiri. Tsegulani kope lija usiku womwewo, lembani deti, nkutchula zitatu za tsikulo.