Momwe mungalondolere moyo wa John Pope Hennessy, phungu amene anakhala bwanamkubwa wa pazilumba

Ophunzira anga akafuna kulemba za munthu wa m'nthawi ya Mfumukazi Victoria, ndimawapatsa John Pope Hennessy. Ndimamusankha chifukwa pafupifupi kulikonse kumene anatumizidwa, azungu anzake ankadandaula naye pamene eni dziko ankamuyamikira, ndipo wofufuza ayenera kumva mbali zonse ziwiri.

Yambani ndi kope ndi pensulo. Pa tsamba loyamba ndandalikani zaka: anabadwira ku Cork m'dziko la Ireland mu 1834, anasankhidwa kukhala phungu wa dera la King's County ku Ireland komweko mu 1859, anagwa pachisankho mu 1865. Kenako malo amene anakalamulira ngati bwanamkubwa: Labuan 1867, kumadzulo kwa Africa 1872, Bahamas 1873, Barbados 1875, Hong Kong 1877, Mauritius 1883. Popanda mndandanda umenewu mudzasokoneza nkhani za chilumba china ndi chinzake, monga ndinachitira ine ulendo woyamba.

Musathamangire kuzilumba musanamumve akulankhula m'nyumba ya malamulo ku London. Zokambirana za aphungu, zotchedwa Hansard, zili pa intaneti. Kumbukirani kuti anali Mkatolika wa ku Ireland m'chipani cha Conservative, zomwe sizinkachitikachitika masiku amenewo. Anachokera kudziko lolamulidwa ndi ena, ndipo ine ndimakhulupirira kuti n'chifukwa chake sankaona anthu olamulidwa ngati katundu. Atataya mpando anali ndi ngongole zambiri, choncho ntchito ya ku Labuan, kachilumba kakang'ono kufupi ndi Borneo, inamupatsa podyera.

Tsopano pa chilumba chilichonse gawani tsamba pakati. Kumanzere lembani omwe ankamuda, kumanja omwe ankamukonda, ndipo pansi pake dzifunseni kuti aliyense ankataya kapena kupindula chiyani. Ku Barbados anakankha ganizo la boma la ku London logwirizanitsa chilumbacho ndi zilumba za Windward. Eni minda ya nzimbe anakana, antchito awo anaona ngati bwanamkubwa ali kumbali yawo, ndipo mu 1876 kunabuka zipolowe zimene zinaphetsa anthu. Mukangowerenga zolemba za eni minda mudzati anali munthu woyambitsa chisokonezo basi.

Ku Hong Kong khalanipo nthawi, chifukwa ndi kumene mtima wake umaonekera bwino. Anatsutsa zokwapula akaidi pagulu ndi kuwadinda zizindikiro pathupi. Mu 1880 anaika Ng Choy m'khonsolo yopanga malamulo, Mtchaina woyamba kukhalamo. Amalonda achizungu anakwiya kwambiri. Makalata ake opita ku London amasungidwa ku National Archives, nyumba yosungira zolemba zakale za boma ku Kew ku London: a Hong Kong ali m'gulu la CO 129, a Mauritius mu CO 167. Mukawapeza, werengani ndi timawu timene akuluakulu a ofesi ya atsamunda ankalemba pamwamba pa kalata asanayankhe. Pamenepo m'pamene mumamva momwe ankatopera naye.

Musamuyeretse ayi. Anali wokonda mikangano, ndipo ankayambana ngakhale ndi anthu ogwira ntchito pansi pake. Ku Mauritius anathandiza kuti mu 1885 pabwere malamulo olola kusankha ena mwa mamembala a khonsolo, koma kumapeto kwa 1886 anaimitsidwa ntchito Sir Hercules Robinson, nthumwi ya boma la ku London, atabwera kudzafufuza madandaulo, ndipo anabwezeretsedwa pambuyo pake. Apa funsani funso limene ambiri amalilumpha: ndani analoledwa kuvota? Anali anthu ochepa okhala ndi chuma, pamene unyinji wa amwenye olima nzimbe unatsala kunja.

Tsamba lomaliza libwerere ku Ireland. Mu December 1890 anapambana mpando wa North Kilkenny ataima kumbali ya otsutsana ndi Charles Stewart Parnell, mtsogoleri wa aphungu ofuna kuti Ireland izidzilamulira, koma sanaukhalitse. Anamwalira pa 7 October 1891, patangopita tsiku limodzi Parnell atamwalira. Ngati muli ndi mnzanu ku Port Louis, likulu la Mauritius, kapena ku Wan Chai ku Hong Kong, mupempheni akujambulireni chikwangwani cha msewu wotchedwa dzina lake, mumate pachikuto cha kope lanu.