Kuyezetsa mawere osayenda ulendo wapadera

Amayi anzanga, ambirife timazengereza kukayezetsa khansa ya m'mawere poti palibe pomwe pakupweteka, ndiye kupita kuchipatala kumaoneka ngati kutaya tsiku. Ine ndimachita chonchi: ndikapita kuchipatala pa zina, kaya za kulera, kaya ndaperekeza mwana, ndimapempha anamwino kuti andipimenso mawere pomwepo. Zimatenga mphindi zochepa, ndipo ndalama yoyendera ndi imodzi yomweyo.

Kunyumba ndimadzipima kamodzi pamwezi, patapita masiku angapo msambo utatha, chifukwa nthawi imeneyo mawere sakhala otupa ndipo chachilendo chimamveka msanga. Amene munasiya msambo, sankhani deti limodzi, ikani alamu pafoni. Imani pagalasi mutakweza manja, kenako gonani chagada n'kumasisita bere lonse ndi zala zitatu zapakati mpaka m'khwapa. M'khwapamo ambiri timalumphamo, pomwe zotupa zina zimayamba kumvekera momwemo. Mukapeza chotupa cholimba, nsonga ya bere italowa mkati kapena ikutuluka magazi, kapena khungu litachita timaenje ngati khoko la lalanje, pitani kuchipatala, musadikire kuti mwezi uthe.

Zotupa zambiri si khansa ayi, koma zala sizingasiyanitse, ndipo khansayi poyamba kawirikawiri sipweteka. Ngati mwakwanitsa zaka 40, kapena amayi anu kapena achemwali anu anadwalapo, funsani za mammogram, yomwe ndi X-ray ya mawere imene imatha kuona chotupa zala zisanayambe kuchimva. Chikapezeka chikadali chaching'ono, madokotala amatha kuchotsa chotupa chokhacho osadula bere lonse.